Kulondola kampheta ka Gouldian kuchokera ku Darwin mpaka ku Wyndham

Lolemba, Darwin

Mwezi wa Seputembala uli pakati, ndipo nyengo ya kuno kumpoto kwa Australia ndi yomwe ija ya kwathu. Mvula inaleka mu Epulo, udzu unauma kalekale, kumwamba kwachita chifunga cha utsi. Darwin ili pa madigiri 12 kummwera kwa equator, Katherine pa 14 monga Lilongwe, Wyndham pa 15 monga Zomba. Chilimwe chawo ndi chathu zimayendera limodzi, ndipo nkhani ya moto wa m'tchire nayo sisiyana kwenikweni.

Kambalame kamene tikulondola ndi kampheta ka Gouldian, pa dzina la sayansi Chloebia gouldiae. Kutalika kwake ndi masentimita 13 kapena 14, kulemera magalamu 14 kapena 15. Kali m'banja limodzi ndi tina mwa timbalame tija timagwa m'magulu pa mpunga ndi pa mapira kwathu. John Gould anakalemba m'mabuku a sayansi mu 1844, nakapatsa dzina pokumbukira mkazi wake Elizabeth, amene anamwalira mu 1841. Kamphongo kali ndi msana wobiriwira, chifuwa chapepo, mimba yachikasu ndi mzere wabuluu kuzungulira mutu. Kakakazi kali ndi mitundu yomweyo koma yozimiririka.

Madzulo tinapita ku Lee Point, kumpoto kwa mzinda, malo amene eni nthaka, a Larrakia, amawatcha Binybara. Mu 2022 timpheta iti tinafika pamalowa tambiri, anthu a mu mzinda nayamba kudzuka m'bandakucha kukationa. Pamalo omwewo pali ntchito yomanga nyumba imene yadzetsa mkangano waukulu, chifukwa mitengo imene ikugwetsedwa ndi yakale, yokhala ndi mphako. Amene akufuna kukaona kambalameka popanda ulendo wautali angayambire pano, koma pano si pamene pali mudzi wake weniweni. Mudzi wake uli m'mapiri a miyala, kummwera ndi kuzambwe.

Lachiwiri, msewu wa Stuart Highway kupita ku Katherine

Makilomita pafupifupi 320 a tala. Chimene chiyenera kuonedwa pa msewu uwu si mbalame ayi, ndi udzu.

Kudutsa chigawo cha Batchelor ndi Adelaide River, m'mbali mwa msewu mwadzaza udzu wautali wa zitsotso zikuluzikulu, wotalika mpaka mamita 4. Ndi gamba, Andropogon gayanus, udzu wa kwathu ku Africa umene anaubweretsa kuno m'zaka za m'ma 1930 kuti ng'ombe zizidya. Kwathu sumavuta chifukwa uli pakati pa anzake ndi zoudya zake. Kuno unapeza malo opanda woutsutsa. Umakhalabe wauwisi pamene udzu wa kuno wauma, choncho moto wa mu Meyi suupsereza. Umadzauma mochedwa, uli mulu waukulu, nkuyaka mu Seputembala kapena Okutobala ndi malawi ofika kunsonga za mitengo. Pamene moto wotere wadutsa kangapo mumaona mitengo yaima yakufa, pansi pali gamba yekhayekha. Boma la chigawo chino cha Northern Territory linaulengeza kuti ndi udzu wowononga mu 2008.

Kuupha kwake n'kodziwika: kupopera mankhwala opha udzu a glyphosate nthawi ya dzinja udzuwo ukukula mwamphamvu, usanabereke njere cha mu Meyi, ndi kubwereza chaka chotsatira chifukwa njere zakale zimamera. Kuutentha kokha sikuthandiza, chitsa chimaphukanso. Wa galimoto amene walowa m'tchire lotere ayenera kuchotsa njere zomata kunsi kwa galimoto ndi pa rediyeta asanapitirire, pakuti ndimo udzuwu umayendera.

Lachitatu, mapiri a Yinberrie

Makilomita pafupifupi 40 kumpoto kwa Katherine pali mphambano yolowera ku mathithi a Leliyn, amene pa mapu ambiri alembedwa Edith Falls. Mapiri a Yinberrie ali chakumeneko, m'dziko la eni nthaka a Jawoyn. Pano ndi pamodzi mwa malo amene kampheta aka kaphunziridwa nthawi yaitali kuposa kwina, ndipo kuwerenga pa madziwe kwakhala kukuchitika kuyambira m'zaka za m'ma 1990.

Njira yowerengera imatsamira pa chinthu chimodzi. Mbalame yodya njere zouma iyenera kumwa tsiku lililonse, ndipo kumapeto kwa chilimwe madzi amakhala atatsala m'timathamanda towerengeka ta m'mitsinje youma. Ukakhala pa thamanda m'mamawa, timpheta ta dera lonselo tibwera tokha.

Dzuwa pano limatuluka 6:30 itangopitirira. Wowerenga akhale atafika kale, atakhala pansi pa mthunzi mamita 15 kapena 20 kuchokera pamadzi, dzuwa lili kumsana kwake, atavala zosawala. Amakhala maola atatu osasuntha. Pepala limagawidwa m'zigawo za mphindi 15, ndipo pa chigawo chilichonse amalemba zazikulu padera, zazing'ono padera, mtundu wa mutu ngati wauona. Amawerenga zokhazo zimene zatera pamadzi nkumwa, osati zimene zili mumtengo. Mathamanda onse a m'deralo ayenera kukhala ndi munthu pa nthawi imodzi, masiku angapo otsatizana. Mukapanda kutero, gulu limene dzulo linamwa kumtunda lero nkumwa kumunsi lilowa m'buku kawiri.

Timpheta sititera pamadzi msanga. Timayamba tasonkhana pa mtengo wouma wapafupi, kudikira kuti ina iyambe. Kawirikawiri toyamba kutsika ndi timpheta ta mchira wautali, Poephila acuticauda, ndi ta chigoba chakuda kumaso, Poephila personata. Gouldian imatsika pakati pa izo, nkuviika mlomo m'madzi, kumwa mokoka osadzutsa mutu, ndipo m'kanthawi kochepa yapita.

Zimene zimawononga chiwerengero ndi zitatu, ndipo ziwiri mwa izo tinaziona m'mawa uno. Choyamba ndi kabawi. Akangodutsa, gulu lonse limabalalika, nkubweranso patapita mphindi zochepa, ndipo wosazolowera amaliwerenga ngati gulu latsopano. Mankhwala ake ndi kulemba chizindikiro pa chigawo chimene kabawi wadutsa, kuti wosonkhanitsa mapepala adziwe. Chachiwiri ndi ana. Mwana wa Gouldian alibe mtundu uliwonse wa makolo ake: ndi wotuwa mobiriwirira, mutu wa phulusa, mlomo wakuda. Mu Seputembala ana amachuluka kuposa akuluakulu, ndiye amene akusaka mitundu yowala yokha amaphonya zambiri. Muyang'ane kaimidwe kowongoka, mchira waufupi wosongoka, ndipo pa ena nthenga imodziimodzi yapepo kapena yakuda imene yayamba kutuluka. Chachitatu ndi chizimalupsa. Kamvula kamodzi kosayembekezeka kamadzaza timaenje ta m'miyala ponseponse, mbalame nkusiya kubwera pa thamanda, pepala nkuoneka ngati zatha pamene zili bwinobwino.

Palinso njira ina imene akatswiri a ku Charles Darwin University anakonza: kutunga madzi a pa thamanda, kuwasefa, nkufufuza DNA ya Gouldian imene imatsalira mbalame ikamwa. Imakuuzani kuti zinafika, koma sikuuzani kuti zinali zingati.

Lachinayi, m'mapiri momwemo

Lero tinasiya madzi nkukwera m'zitunda kukaona zinthu ziwiri zimene kambalameka sikangakhale popanda izo: mphako ndi njere.

Mwa timpheta tonse ta ku Australia, aka ndi kamene kamadalira mphako kotheratu. Tinzake tingamange chisa m'nthambi kapena m'udzu, iko ayi. Pa mapiri ano kamasankha bulugamu wa khungwa losalala lofiirira, Eucalyptus tintinnans. Ku Kimberley, chigawo cha kumpoto kwa Western Australia kumene kuli Wyndham, kamasankha Eucalyptus brevifolia ndi Corymbia dichromophloia. Mphakozo amaboola ndi chiswe, chimene chimadya mtima wa mtengo kuchokera pansi, nthambi ikathyoka nkusiya khomo. Zimatenga zaka makumimakumi kuti mtengo ufike pamenepo, koma moto umodzi wolusa ukalowa m'mphako mtengowo umapsa kuchokera m'kati nkugwa. Kuswana kumayamba chakumapeto kwa dzinja nkupitirira mpaka pakati pa chilimwe. Mazira amakhala 4 mpaka 8, makolo onse awiri amafungatira mosinthana kwa milungu iwiri, ndipo ana amatuluka m'mphako ali ndi milungu itatu. M'mbali mwa mlomo wa mwana muli timikanda tabuluu tonyezimira, timene timathandiza kholo kupeza kamwa mumdima wa m'mphako.

Nkhani yaikulu ili pa njere. Chilimwe chonse Gouldian imadya pafupifupi chinthu chimodzi, mapira akutchire a chaka chimodzi, Sorghum intrans ndi Sorghum stipoideum. Udzu uwu umatalika kupitirira munthu, umakhwima cha mu Malichi ndi Epulo, nkuyoyola njere zonse pansi. Mukagwada pa lupsa nkupalasa phulusa ndi chala muzipeza, zakuda, zili ndi kandevu kopotana. Zimakhala pansipo miyezi isanu ndi umodzi kapena kuposa zisakumera, ndipo mbalame zimangotola. Pa nthawi iyi njala palibe.

Mvula yeniyeni yoyamba ikagwa, mu Novembala kapena Disembala, njere zonsezo zimamera pafupifupi nthawi imodzi. Mapira awa sasunga mbewu m'nthaka ya chaka china. M'masiku ochepa chakudya chimene chinali mbwee chasanduka timasamba tobiriwira tosadyeka. Mlimi wa kwathu akudziwa bwino nyengo yotere: nkhokwe yatha, chimanga cham'munda chili chobiriwira koma sichinakhwime. Kwa kampheta aka ndi chimodzimodzi, ndipo njalayo imakapeza katangomaliza kusintha nthenga, ntchito imene imadya mphamvu zambiri.

Chokapulumutsa ndi udzu wosafa chitsa umene umabereka msanga mvula ikangoyamba, ndipo mitundu yake imalandizana. Woyamba ndi Alloteropsis semialata, umene umatulutsa njere patangotha milungu pafupifupi isanu ndi umodzi mvula itagwa. Ukamatha, Chrysopogon fallax ndi udzu wobaya wa m'miyala, Triodia bitextura, zimakhala zayamba. Kenako Heteropogon triticeus, mpaka mapira atsopano adzakhwime. Timpheta timatsika m'mapiri kupita m'zigwa makilomita angapo kutsata udzu umenewu. Mtundu umodzi ukalephera, pamakhala milungu ingapo yopanda kanthu, ndipo kambalame ka magalamu 15 sikapirira milungu.

Tsono udzu uliwonse pa mndandandawo uli ndi mdani wake. Alloteropsis ndi wotsekemera kwa ng'ombe, mahatchi ndi abulu olowerera, amene amaudya usanabereke, ndipo nkhumba zolowerera zimafukula tsinde lake. Triodia ikapsa imatha zaka zingapo isanaberekenso, choncho phiri lopsa chaka ndi chaka likhoza kukhala ndi udzuwo wooneka bwino koma wopanda njere ndi imodzi yomwe. Ichi n'chifukwa chake kuona timpheta tambiri pa thamanda mu Seputembala sikukwanira kutikhazika mtima pansi. Ana ambiri a chaka chino sadzaona chilimwe chamawa, ndipo chimene chidzagamule kuti atsale angati ndi udzu wa mu Disembala ndi Januwale.

Lachisanu, Katherine kupita ku Timber Creek

Makilomita pafupifupi 285 pa Victoria Highway, kudutsa mapiri ofiira a paki ya Judbarra. Chakuno milambe yayamba kuoneka. Ndi mlambe wa kuno, Adansonia gregorii, wachibale wa wathu, ndipo pafupi ndi Timber Creek pali umodzi umene anthu a ulendo wa Augustus Gregory anazokotapo madeti a 1855 ndi 1856.

Malo omwetsera magalimoto ndi ochepa, choncho thirani mafuta ku Katherine ndipo nyamulani madzi akumwa okwanira. M'mtsinje wa Victoria muli ng'ona za m'madzi amchere, zazikulu kuposa zonse. Wowerenga mbalame asakhale m'mphepete mwa dziwe lakuya lolumikizana ndi mtsinjewo. Timpheta pano timapezekanso pa mipopi yodontha ndi pa kapinga wothiriridwa wa m'tauni, m'mawa kusanatenthe.

Loweruka, kuwoloka malire kulowa Western Australia

Pa malire a zigawo pali chipata chofufuza katundu. Zipatso, ndiwo zamasamba zosaphika, uchi ndi mbewu sizidutsa, ndiye idyani kapena tayani musanafike. Wotchi ibwezedwe m'mbuyo ola limodzi ndi theka. Kwa wowerenga mbalame zimenezi n'zofunika: ku Wyndham dzuwa limatuluka 5:30 isanakwane, ndipo amene wadzuka pa nthawi ya ku Katherine osasintha wotchi amasokoneza mapepala onse.

Kuchokera ku Timber Creek kufika ku Kununurra ndi makilomita pafupifupi 225, ndipo kuchoka apo kufika ku Wyndham ndi ena 100. Chigawo ichi ndicho chinali likulu la otchera timpheta. Ankatchera maukonde pa mathamanda omwewa kumapeto kwa chilimwe, nkutumiza mbalame zikwizikwi kwa oweta. Australia inaletsa kutumiza kunja mbalame zake zakutchire cha mu 1960, ndipo Western Australia inasiya kulola kutchera Gouldian kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1980, otcherawo ataona okha kuti magulu achepa. Lero Gouldian zoweta m'makola padziko lonse n'zochuluka kwambiri kuposa zakutchire, koma sizingabwezeretse zakutchirezo: zinazolowera mbale ya njere, sizidziwa kabawi, sizidziwa kotsata udzu wa dzinja.

Kutchera kutaletsedwa mbalame sizinabwerere msanga. Panthawiyo ofufuza, motsogozedwa ndi Sonia Tidemann, anapeza kuti zambiri zakutchire zinali ndi nthata ya m'njira ya mpweya, Sternostoma tracheacolum, imene imachititsa mbalame kupuma molira ndi kuyasamula mlomo. Ena anaganiza kuti gwero ndi limenelo. Maganizo amene ali ndi mphamvu tsopano ndi akuti nthatayo imagonjetsa mbalame imene yafooka kale ndi njala.

Lamulungu, Wyndham

Kutentha kumapitirira madigiri 35 masana asanakwane. Ntchito yonse ithe 9 koloko isanafike.

Pa zitunda zozungulira tauni iyi ndi pamene bungwe la Save the Gouldian Fund ndi ofufuza a ku Macquarie University anayesa zisa zopachika. Chimene anapeza n'chakuti mphako zabwino n'zochepa kuposa mmene mitengo imaonekera. Gouldian imafuna mphako yakuya, ya khomo laling'ono, pa nthambi yolimba, ndipo kampheta ka mchira wautali kamafunanso zomwezo, komanso pa ndewu ndiko kamapambana. Zisazo anazipanga ndi zidutswa za nthambi zobooka kale, kutseka mbali imodzi, nkuzipachika m'mwamba m'mitengo ya m'malo oswanirana. Mabanja oswana anachuluka ndipo ana otuluka m'chisa anachuluka. Koma chisa chopachika chimafuna mwini: waya amadya khungwa mtengo ukamakula, chiswe ndi nyerere zimalowa, dzuwa likachiwomba masana ana amafa ndi kutentha, ndipo moto umachipsereza monga umapserezera mphako. Chimathandiza pamene mphako zasowa, koma sichidyetsa mbalame.

Pano ndi pabwinonso kuonera mitu. Mwa Gouldian 10 zilizonse zakutchire, 7 kapena 8 ndi za mutu wakuda, zotsalazo za mutu wofiira. Za mutu wachikasu zimapezeka imodzi pa zikwi zingapo, ndiye amene wayiona alembe malo ndi nthawi mosamala. Zonsezi ndi mtundu umodzi ndipo zimakhala m'gulu limodzi. Za mutu wofiira n'zaukali, ndizo zimalanda mphako zabwino. Kafukufuku wa m'makola wa Sarah Pryke ndi Simon Griffith, wofalitsidwa mu 2009, anaonetsa kuti yaikazi ikakwatiwa ndi yamphongo ya mutu wosiyana ndi wake imaswa ana aamuna ambiri kuposa aakazi. Nthawi yoswana mlomo wa yaikazi umada, ndipo chimenechi chimathandiza kusiyanitsa pamene kuwala sikuli bwino.

Lolemba, Wyndham

Kuchokera pamwamba pa phiri la Bastion, pamene pamaonekera mitsinje isanu ikulowa m'nyanja, dziko lonse lili ngati mapu a moto. Pali zigamba zazing'ono zimene zinapsa mu Meyi, zayamba kale kuphuka. Pali udzu wosapsa wotuwa. Patali pali utsi wa moto wa mwezi uno, umene ukhoza kuyenda milungu ingapo popanda wouletsa.

Kusiyana kwa moto ndi moto kuli pa nthawi. Wa mu Epulo mpaka Juni umayaka udzu ukadali ndi chinyezi, umayenda pang'onopang'ono, umadumpha malo, ndipo usiku mame akagwa umazima wokha. Umachotsa mapesi a mapira nkusiya njere poyera, n'chifukwa chake timpheta timakonda kudya pa lupsa latsopano lotere. Wa mu Seputembala mpaka Novembala umapsereza njere zapansi, umagwetsa mitengo ya mphako, ndipo umasesa dera lalikulu mofanana, osasiya chigamba cha Triodia yakale. Eni nthaka ankatentha tizigamba chaka chonse akuyenda wapansi; atachotsedwa m'malo awo nkuikamo ng'ombe, moto waukulu wa kumapeto kwa chilimwe ndiwo unatenga malo.

Ntchito imene ikuchitika tsopano ndi kubwezeretsa moto woyambirira. Ku West Arnhem Land, kum'mawa kwa Darwin, inayamba mwadongosolo mu 2006, ndipo pakati pa Kimberley bungwe la Australian Wildlife Conservancy linayamba ntchito ya EcoFire mu 2007, kuchokera ku malo ake a Mornington, pamodzi ndi oweta ng'ombe ndi eni nthaka, pa mahekitala mamiliyoni angapo. Amayamba ndi zithunzi za setilaiti zoonetsa pamene panapsa zaka zapitazo. Amajambula mizere yolumikiza mitsinje, misewu ndi malupsa akale. Kenako helikopita imauluka pa mizereyo ikugwetsa timakapisozi ta mankhwala a potassium permanganate tobayidwa glycol, timene timayaka patapita masekondi angapo titafika pansi. Pafupi ndi malo osafunika kupsa amayatsa ndi manja, madzulo mphepo itagwa. Pa malamulo a boma owerengera utsi wopewedwa, moto woyambirira ndi umene wayaka tsiku la 1 Ogasiti lisanafike, ndipo magulu a eni nthaka amapeza ndalama pogulitsa utsi wopewedwawo. Ku Mornington ofufuza otsogozedwa ndi Sarah Legge anapeza kuti timpheta ta m'madera a moto waukulu wochedwa tinali tofooka m'thupi nthawi ya dzinja kuposa ta m'madera otenthedwa mosamala.

Njirayi nayo ili ndi pogwera. Kutentha msanga chaka chilichonse pa phiri lomwelo kumapewetsa moto wolusa koma kumalanda Triodia zaka zake zoberekera. Kafukufuku wa pa zitunda za Wyndham anaonetsa kuti Gouldian imaswana bwino pamene papsa posachedwa koma sipapsa kawirikawiri. Kuchedwa ndi milungu iwiri kapena itatu, udzu utaumitsa, moto wofuna kuteteza umasanduka womwe uja woopedwa. Kutentha mvula itayamba kumapha mapira ongomera kumene, chaka chotsatira nkukhala opanda njere za chilimwe. Ndipo pamene ng'ombe ndi abulu olowerera sanachepetsedwe, zimathamangira msipu wa pa lupsa nkudya Alloteropsis yonse isanatulutse ngala.

Kuchiyambi kwa zaka za m'ma 2000 Gouldian zazikulu zakutchire zinkayerekezedwa kuti sizikwana 2,500. Magulu akuluakulu ayambanso kuoneka, ndipo bungwe la IUCN, limene limasunga mndandanda wa zamoyo zomwe zili pangozi padziko lonse, linachotsa kampheta aka pa gulu la zotsala pang'ono kutha mu 2012, ngakhale lamulo la Australia la 1999 loteteza zachilengedwe likukawerengabe m'gululo. Ife tikuona kuti lamuloli lachita bwino kusafulumira. Chiwerengero cha kambalame kobereka ana ambiri chotere chimakwera msanga zaka za mvula yabwino nkugwanso msanga, ndipo gamba akadafalikirabe chakummwera ndi kuzambwe.

Amene akufuna kudzathandiza kuwerenga abwere mu Seputembala, nyengo yowerengera pa mathamanda. Amene akufuna kudziwa ngati dera likusamalidwa bwino abwere mu Disembala, misewu ya fumbi isanatsekeke ndi madzi, ayende m'zigwa za kunsi kwa mapiri oswanirana, awerenge zitsotso za Alloteropsis zimene zili ndi ngala poyerekeza ndi zimene zadyedwa kapena kufukulidwa, ndipo alembe chaka chimene chigamba chilichonse cha Triodia chinapsa komaliza.